Mkangano wa Python 3: Kukonza Nyumba Anthu Ali Momwemo

Nkhani ya sabata ino ikunena za mkangano umene udatenga zaka zoposa khumi pakati pa akatswiri a makompyuta. Mkanganowo udali wokhudza chiyankhulo chotchedwa Python, ndipo funso lake lidali ili: ngati chiyankhulo chili ndi zolakwika zimene zidalowamo pachiyambi, kodi nkoyenera kuzichotsa ngakhale kutero kuwononge ntchito imene anthu zikwizikwi adalemba kale? Funsoli likumveka ngati la akatswiri okha, koma omvera aona kuti pakati pake penipeni pali nkhani ya malembo onga aja opezeka m'dzina la dziko la Malaŵi.

Kompyuta simva Chichewa ngakhale Chingerezi. Munthu wofuna kuituma ntchito amalemba malangizo mzere ndi mzere m'chiyankhulo chokonzedwera ntchito imeneyo, ndipo malangizowo akasonkhana amatchedwa pulogalamu. Kusiyana kwa chiyankhulo chotere ndi ziyankhulo za anthu nkwakuti malamulo ake ngouma. Mlendo akaphonya Chichewa, omumvera amamwetulira nkumumvetsa ndithu. Koma wolemba pulogalamu akaphonya kachizindikiro kamodzi, kompyuta imaima osapitanso patsogolo. Motero eni chiyankhulo akasintha lamulo limodzi, pulogalamu iliyonse imene idatsata lamulo lakale ikhoza kufa tsiku lomwelo, kaya ndi yowerengera malipiro a antchito kapena yosunga maina a odwala.

Python adayambidwa ndi Guido van Rossum, mbadwa ya ku Netherlands, amene adayamba kumulemba mu Disembala 1989 ali pa ntchito ku bungwe la kafukufuku lotchedwa CWI mu mzinda wa Amsterdam. Adamutulutsa kwa anthu mu Febuluwale 1991. Dzinali silidachokere ku nsato ai, koma ku sewero la nthabwala la pa kanema wa BBC lotchedwa Monty Python's Flying Circus. Chiyankhulochi chidakondedwa chifukwa chosavuta kuwerenga, ndipo pofika mu Okutobala 2000, pamene Python 2.0 adatuluka, chidali chitafika m'masukulu a ukachenjede, m'makampani ndi m'nyumba zofufuzira za sayansi.

M'chaka chomwecho cha 2000 akatswiri ake adakhazikitsa njira yokambirana zosintha. Aliyense wofuna kuti chinthu chisinthe amalemba chikalata chotchedwa PEP, chopatsidwa nambala yakeyake, chofotokoza chimene akufuna, chifukwa chake, ndiponso mfundo za amene akutsutsa. Chikalatacho chimakambidwa poyera monga mlandu pabwalo, ndipo masiku amenewo wogamula pomaliza adali van Rossum mwini. Chifukwa cha mwambo umenewu mfundo za mbali zonse zidasungidwa, ndipo aliyense angathe kuziwerenga mpaka lero.

Pofika mu 2006 van Rossum adali atatsimikiza mtima kuti zolakwika zina sizingachoke popanda kuphwanya mapulogalamu akale. Adalemba chikalata cha PEP 3000 chofotokoza dongosolo la mtundu watsopano, umene poyamba ankautcha Python 3000 mwa nthabwala, ngati chinthu chimene chidzabwera m'tsogolo kutali. Maganizo ake adali akuti ndi bwino kuphwanya kamodzi kokha, zonse nthawi imodzi, kusiyana nkusenza zolakwikazo mpaka kalekale. Pa zinthu zimene zidasinthidwa, zitatu ndizo zidamveka kwambiri.

Choyamba chidali kugawa manambala. Mwana wa sukulu amene wapeza malikisi 70 pa mayeso ena ndi 75 pa ena ali ndi 145, ndipo akagawa ndi 2 amapeza 72.5. Python 2 akapatsidwa samu yomweyo ankayankha 72, kutaya theka lija osachenjeza munthu, potsata chizolowezi cha chiyankhulo chakale chotchedwa C. Choopsa kwambiri chidali chakuti nambala ija ikabwera italembedwa 145.0, yankho linkakhala 72.5. Ndiye kuti mzere umodzimodzi wa pulogalamu unkapereka mayankho awiri, malinga ndi maonekedwe a nambala imene yalowa. Chikalata cha PEP 238, cha mu 2001, chidagamula kuti kamzere kamodzi kopendekeka kazipereka yankho lathunthu, ndipo wofuna kutaya zotsala azilemba timizere tiwiri. Otsutsa adati mapulogalamu ambiri amadalira kugawa kwakale, ndipo sadzaima poyera koma adzangoyamba kupereka mayankho ena mwakachetechete. Pozindikira zimenezi, kuyambira mu Python 2.2 munthu adapatsidwa mwai wolemba mzere umodzi pamwamba pa pulogalamu yake wosankha lamulo latsopano. Anthu adakhala ndi zaka zisanu ndi ziwiri zozolowera.

Chachiwiri chidali mau akuti print, amene amauza kompyuta kuti ionetse zolembedwa. Mu Python 2 munthu ankalemba print "Moni", koma mu Python 3 ayenera kulemba print("Moni"), ndi mabulaketi. Okonda kusinthaku adati print adali ndi timalamulo take tapadera timene wophunzira ankayenera kuloweza, ndipo pomuika m'mabulaketi adakhala wofanana ndi malangizo ena onse. Otsutsa adayankha kuti phindu lake ndi laling'ono, pamene mau amenewa amapezeka pafupifupi m'pulogalamu iliyonse ndi pa tsamba loyamba la buku lililonse lophunzitsira. Mbali zonse ziwiri zidanena zoona.

Chachitatu ndicho chidali mutu wa mlandu wonse, ndipo chikukhudza malembo. Kompyuta imasunga chilichonse m'timagulu totchedwa byte, ndipo byte imodzi imasunga nambala kuyambira 0 mpaka 255. Kale ku America adagwirizana za mndandanda wotchedwa ASCII, wa zizindikiro 128, wopatsa chilembo chilichonse cha Chingerezi nambala yake. Kwa Mngerezi chilembo chimodzi chidali byte imodzi, ndipo olemba mapulogalamu adazolowera kuganiza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Koma m'mndandandawo mulibe malembo a Chiarabu, a Chitchaina kapena a Chiamhariki, ndipo mulibenso w uja wovala kachipewa pamutu, amene amapezeka m'Chichewa ndi m'chiyankhulo cha anthu a ku Wales. Mu 1991 mudatuluka mndandanda wamkulu wotchedwa Unicode, wofuna kupatsa nambala chilembo chilichonse cha dziko lapansi, ndipo m'menemo ŵ ali pa nambala 373. Nambala imeneyi singakwane mu byte imodzi. M'njira yofala kwambiri yosungira malembo, yotchedwa UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992, ŵ amatenga ma byte awiri.

Tsono taonani chimene chinkachitika. Munthu akalemba dzina lakuti Malaŵi mwa njira ya masiku onse nkufunsa Python 2 kutalika kwake, yankho linkakhala 7, pamene malembo alipo 6. Akalidula dzinalo pa malo achisanu, ŵ ankang'ambika pakati, nkutsala chizindikiro chosawerengeka. Python 2 adali nayo njira yolembera Unicode, yoika chilembo u patsogolo pa mau, koma ankalola kuti mau a mtundu umenewu asakanizike ndi ma byte wamba, iye nkumangoganiza kuti zonse ndi ASCII. Wolemba pulogalamu akaiyesa ndi maina a Chingerezi, zonse zinkayenda bwino. Pulogalamuyo inkadzagwa patapita miyezi, m'manja mwa munthu wa dziko lina amene walemba dzina lake monga adamuphunzitsira makolo ake. Cholakwacho chinkabisala kwa amene adachipanga nkukaonekera kwa amene sangathe kuchikonza.

Python 3 adamanga mpanda pakati pa ziwirizi. Mau onse adakhala a Unicode, ma byte adakhala chinthu china, ndipo wofuna kuchoka uku kupita uko ayenera kunena poyera njira imene akugwiritsa ntchito. Akasakaniza, kompyuta imakana nthawi yomweyo, wolemba akadali pa mpando wake. Kwa anthu a ziyankhulo zambiri uku kudali kuwongola chinthu chokhota. Komabe padali akatswiri odziwa ntchito yao amene adadandaula, ndipo mmodzi mwa omveka kwambiri adali Armin Ronacher wa ku Austria, mlengi wa chida chomangira masamba a pa intaneti chotchedwa Flask. Mfundo yao idali yakuti zimene zimayenda pa intaneti ndiponso maina a mafailo pa makompyuta a Unix ndi ma byte ndithu, ndipo kawirikawiri amakhala osakanikirana ndi mau. Kwa ogwira ntchito zotere mpanda uja udasanduka chopunthwitsa, popeza zida zina zosavuta zimene ankagwiritsa ntchito pa ma byte zidachotsedwa.

Si zonse zimene zidapemphedwa zidaloledwa. Van Rossum mwini adafuna mu 2005 kuchotsa mau akuti lambda, amene amalola munthu kulemba kalangizo kakafupi kopanda dzina, koma atamva madandaulo ndi kuona kuti palibe amene wapeza njira yoposa, adawasiya. Padalembedwanso chikalata chapadera, PEP 3099, chondandalika zinthu zimene sizidzasintha, kuti anthu aleke kubwera nazo pabwalo. Ichi chidali chanzeru, pakuti denga likasasulidwa aliyense amabwera ndi maganizo a nyumba imene iye amalota.

Python 3.0 adatuluka pa 3 Disembala 2008, ndipo apa mlandu udachoka pa zoyenera kusintha nkufika pa kasamukidwe kake. Dongosolo la PEP 3000 lidali lakuti munthu apitirize kulemba pulogalamu yake mu Python 2.6, kenaka aidutsitse m'chida chomasulira chotchedwa 2to3, chimene chidzatulutsa pulogalamu ya Python 3. Okonza adalangiza anthu kuti asayese kulemba pulogalamu imodzi yoyenda ku mbali zonse ziwiri. Chida chija chinkatha kuika mabulaketi pa print popanda vuto. Koma chikapeza mau m'pulogalamu, sichinkadziwa ngati wolemba ankatanthauza malembo kapena ma byte, chifukwa yankho lake lidali m'mutu mwa wolembayo, amene mwina adasiya ntchito kalekale. Ntchito yolemetsa kwambiri idatsalira anthu, mzere ndi mzere.

Padalinso vuto lina limene okonza sadaliyeze bwino. Palibe munthu amene amalemba pulogalamu yekha kuyambira pa maziko. Aliyense amatenga zigawo zolembedwa kale ndi anzake, zotchedwa library, ndipo zigawozo zimadaliranso zina. Kampani sinkatha kusamuka mpaka zigawo zonse zimene imadalira zitasamuka, ndipo olemba zigawozo, ambiri mwa iwo ogwira ntchito mongodzipereka, sankaona chifukwa chothamangira pamene anthu ao onse adali pa Python 2. Aliyense adakhala pa tsidya akudikira kuti mnzake ayambe kuwoloka. NumPy, amene asayansi amawerengera masamu, adayamba kuyenda pa Python 3 mu 2010. Django, womangira masamba a pa intaneti, adayamba mu 2013, ndipo poyambapo kudali kongoyesa. Kuwonjezera apo Python 3.0 adali wochedwa powerenga ndi kulemba mafailo, chifukwa gawo limenelo lidalembedwa mu Python yemweyo, mpaka pamene lidalembedwanso mu C mu Python 3.1 wa mu Juni 2009. Bwana wa kampani akafunsa kuti adzapindula chiyani akawononga miyezi posamuka, antchito ake ankasowa chomuyankha.

Walira mvula walira matope, ndipo okonza chiyankhulochi adayamba kupopa matopewo pang'onopang'ono. Anthu adachita chomwe chija adaletsedwa: adayamba kulemba pulogalamu imodzi yoyenda ku mbali zonse, mothandizidwa ndi kachida kotchedwa six kamene Benjamin Peterson adalemba, dzina lake lochokera pa kuchulukitsa 2 ndi 3. Apa padaonekera cholakwa chowawa. Python 3.0 adali ataletsa chilembo u chija, poti tsopano mau onse ndi a Unicode. Zotsatira zake zidali zakuti amene adasamala ziyankhulo za anthu ena mu Python 2, nkuika u paliponse pofunika, ndiwo adavutika koposa, pamene osasamala adadutsa mosavuta. Ronacher adalemba chikalata cha PEP 414 chopempha kuti chilembocho chibwerere ngakhale sichichita kanthu, ndipo chidabwereradi mu Python 3.3 wa mu Seputembala 2012. Mu 2015 Python 3.5 adabweza chida china chokonzera ma byte chimene a za intaneti ankalirira. Izi sizidakongoletse chiyankhulo, koma zidachepetsa madzi pa dooko.

Mu Python 3.3 yemweyo mudalowa chosankha china cha m'kati mwa makina, chimene wogwiritsa ntchito sachiona. Funso lidali lakuti chilembo chilichonse chizipatsidwa malo otani m'chikumbumtima cha kompyuta. Kupatsa chilichonse ma byte anai kumakwanira malembo onse a dziko lapansi, koma kumawononga malo. Kupatsa awiri kumasunga malo, koma malembo ena samakwana ndipo amawerengedwa ngati awiri. Kale munthu ankasankha chimodzi pomanga Python wake, motero pulogalamu imodzi inkachita zosiyana pa makompyuta awiri. Martin von Löwis, m'chikalata cha PEP 393, adapereka njira yakuti kompyuta iziyang'ana chilembo cha nambala yaikulu koposa m'mau alionse nkusankha yokha byte imodzi, awiri kapena anai. Motero dzina lakuti Malawi lolembedwa ndi w wamba limatenga byte imodzi pa chilembo, pamene lolembedwa ndi ŵ limatenga awiri pa chilembo chilichonse, koma ku mbali zonse kutalika kwake ndi 6. Kusintha kwakukulu kumeneku kudadutsa popanda kusokoneza olemba mapulogalamu wamba, chifukwa kudachitika pansi, malamulo a pamwamba osakhudzidwa.

Python 2.7, wotsiriza wa mzere wakale, adatuluka mu Julayi 2010, ndipo mu 2011 chikalata cha PEP 404 chidalengeza kuti sipadzakhala Python 2.8. Poyamba adati adzaleka kumusamala mu 2015, koma mu Epulo 2014 van Rossum adalengeza kuti awonjezera zaka zisanu, pakuti anthu ambiri adali asanasamuke. Chimene chidakoka otsalawo potsiriza chidali zinthu zatsopano zopezeka mu Python 3 mokha, ndiponso kuti zigawo zikuluzikulu zidayamba kutseka khomo lakale, monga Django 2.0 mu Disembala 2017. Kampani ya Dropbox, kumene van Rossum mwini ankagwira ntchito, idalengeza mu 2018 kuti yasamutsa pulogalamu yake ya mizere yoposa miliyoni imodzi. Python 2 adalekedwa pa 1 Januwale 2020, patapita zaka khumi ndi chimodzi chitulukireni Python 3.0.

Pa nthawiyo ufumu wa munthu mmodzi udali utatha. Mu Julayi 2018, utatha mkangano wowawa wa chikalata cha PEP 572, chokhudza kachizindikiro kamodzi katsopano, van Rossum adatula pansi udindo wogamula. Akatswiri adagwirizana kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kuyambira mu 2019 chigamulo chili m'manja mwa bungwe la anthu asanu osankhidwa ndi anzao.

Bungweli lidakumana ndi mayeso ake pa nkhani ya loko wotchedwa GIL. Makompyuta a masiku ano ali ndi mitima ingapo yotha kugwira ntchito nthawi imodzi, koma loko ameneyu amalola chingwe chimodzi chokha cha malangizo a Python kuyenda pa nthawi, kuti ziwiri zisalimbirane chinthu chimodzi nkuchiwononga. Kumuchotsa kukadafulumizitsa ntchito zazikulu, koma zigawo zambiri zolembedwa mu C zimadalira chitetezo chake. Mu 2007 van Rossum adanena kuti angavomere kumuchotsa pokhapokha mapulogalamu wamba asachedwe. Katswiri wina, Sam Gross, adaonetsa njira yochitira zimenezo m'chikalata cha PEP 703, ndipo mu Okutobala 2023 bungwe lija lidavomera, koma ndi mfundo zakuti kusinthaku kuyende pang'onopang'ono ndipo kukhale kotheka kubwerera m'mbuyo zikavuta. Python 3.13 wa mu Okutobala 2024 adatuluka ndi mtundu wapadera wopanda lokoyo, woti ofuna ayese, pamene wa masiku onse udakhala monga kale. Poika mfundo zimenezi a bungwe adanena poyera kuti safuna kubwereza zija za Python 2 ndi 3.

Pobwerera ku funso loyamba lija, zaka zaonetsa kuti pa nkhani ya malembo okonza Python 3 adalondola. Mwana wa ku Mzimba kapena ku Chipata amene akuphunzira Python lero angathe kulemba dzina lake ndi la mudzi wake monga likulembedwera, ndipo kompyuta iwerenga malembo ake molondola popanda iye kudziwa za ma byte. Chimene chidadula mtengo chidali kuganiza kuti anthu onse angasamuke tsiku limodzi, ngati chiyankhulo ndi cha amene adachipanga okha. Kugawa manambala kudapatsidwa zaka zisanu ndi ziwiri zoti lamulo lakale ndi latsopano zikhalire limodzi, ndipo kudadutsa bwino. Chilembo u chidachotsedwa usiku umodzi, ndipo padatenga zaka pafupifupi zinai kuti chibwezedwe. Nchifukwa chake lero lamulo la Python ndi lakuti chinthu chisanachotsedwe, anthu achenjezedwe kwa mitundu iwiri yotsatizana kapena kuposerapo, ndiye kuti zaka zosachepera ziwiri, popeza mtundu watsopano umatuluka chaka ndi chaka. Van Rossum atafunsidwa mu 2021 za Python 4, adayankha kuti mwina sadzakhalako konse.